Kupeza drive-in imene ikugwirabe ntchito ku America ndi kupitako ndi banja lonse

Ku America kudakali malo amene munthu amalowa pageti ndi galimoto yake, n'kuimika pabwalo lalikulu moyang'anizana ndi sikirini yotalika kuposa nyumba yosanja, n'kuonera filimu mpaka pakati pa usiku ali m'galimoto momwemo kapena atakhala pampando panja. Eni dziko amawatcha drive-in. Atsala ochepa, pafupifupi 300 m'dziko lonselo, ndipo ambiri ali kunja kwa mizinda, kumene simudutsako popita kuntchito. Ngati mumakhala ku America, kapena mwapita kukachezera abale m'miyezi yotentha, ulendo wa ku drive-in ndi umodzi mwa maulendo ochepa amene banja lonse lingapite limodzi, kuyambira khanda la kumsana mpaka agogo, popanda kuboola thumba. Mwana akalira palibe wokuyang'anani ndi diso lofiira. Akagona mumangomufunditsa bulangete kumpando wakumbuyo, inu n'kumapitiriza kuonera.

Chovuta ndi kuwapeza. Pa intaneti pali mayina ambirimbiri a ma drive-in, koma ochuluka anatsekedwa kalekale. Otsalawo ambiri ndi a mabanja, alibe munthu wolembedwa ntchito yolengeza malonda, amatsegula miyezi ina yokha ndi masiku ena okha pa sabata, ndipo aliyense ali ndi malamulo ake. Wongodzuka n'kulongedza ana m'galimoto chifukwa waona dzina pa mapu akhoza kukapeza geti lomanga ndi unyolo, udzu utamera mpaka m'chiuno.

Dziwani kaye chifukwa chake atsala ochepa

Mbiriyi ikuthandizani kumvetsa chifukwa chimene simuyenera kukhulupirira mndandanda uliwonse umene mwaupeza. Drive-in yoyamba anaitsegula Richard Hollingshead pa 6 Juni 1933 kufupi ndi mzinda wa Camden ku New Jersey. Ankalipiritsa masenti 25 pa galimoto ndi masenti 25 pa munthu. Malo akewo sanakhalitse, koma nzeruyo inafalikira, makamaka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mabanja ambiri atagula magalimoto n'kusamukira kunja kwa mizinda. Pofika 1958 ma drive-in anali atapitirira 4,000.

Kenako anayamba kutha. Bwalo limene kale linali kuminda linapezeka kuti tawuni yalipeza, mtengo wa malo n'kukwera, eni ake n'kugulitsa kwa omanga masitolo ndi nyumba. TV, makaseti a vidiyo ndi nyumba zoonetsera kanema za zipinda zambiri zinawalanda anthu. Cha m'ma 2013 kunagwa vuto lina lalikulu: makampani opanga mafilimu anayamba kusiya kutumiza mafilimu a pa tepi yokulunga ya 35mm, ndiye aliyense anayenera kugula pulojekita ya digito, ya madola pafupifupi 70,000 pa sikirini imodzi. Banja lotsegula miyezi isanu pa chaka likazitenga kuti ndalama zimenezo? Ena anthu a m'dera mwawo anawasonkhera, angapo kampani ya Honda inawagulira makinawo chaka chomwecho, ena anangotseka.

Mu 2020, nthawi ya Covid-19, anthu anathamangiranso ku ma drive-in chifukwa nyumba zoonetsera kanema zinali zotseka. Kunabuka ma drive-in ambiri a kanthawi kochepa pamalo oimika magalimoto a masitolo ndi mabwalo a masewero; ngakhale Walmart inaonetsa mafilimu panja pa masitolo ake chaka chimenecho. Zolemba za malo amenewo zidakalipo pa intaneti ngakhale kuti masikirini ake anachotsedwa. Kutseka kwa malo akale nakonso sikunathe: Mission Tiki ya ku Montclair ku California, yomwe inali yotchuka kwambiri, inatseka mu Januwale 2023 malo ake atagulitsidwa.

Gawo loyamba: sonkhanitsani mayina a malo oyandikira

Yambani ndi Google Maps. Lembani mawu akuti drive-in theater kapena drive-in movie, osati drive-in yokha, chifukwa mukatero akubweretserani malo odyera ngati Sonic Drive-In, kumene kulibe filimu ina iliyonse. Mukaona kuti pafupi palibe, kokerani mapu kunja mpaka muone dera la ulendo wa ola limodzi kapena limodzi ndi theka, n'kufufuzanso. Mtunda umenewu ndi wabwino kwa banja la ana ang'ono. Woposa pamenepo mudzaumva pobwerera usiku.

Mukatero onani tsamba la DriveInMovie.com, limene limasanja malo potengera zigawo za dziko ndi kusiyanitsa otseguka ndi otsekedwa. Tsamba la Cinema Treasures lili ndi mbiri ndi zithunzi za malo ambiri, koma kumbukirani kuti limasunganso mbiri ya omwe anagumulidwa, choncho yang'anani ngati alembapo kuti malowo ndi otseguka. Eni ma drive-in ali ndi bungwe lawo, United Drive-In Theatre Owners Association, ndipo dzina lopezeka pa mndandanda wa mamembala awo ndi loyenera kuliyika patsogolo.

Mwayi wanu udalira kumene mukukhala. Zigawo za Pennsylvania, New York, Ohio, Indiana ndi California ndizo zili ndi ambiri. Okhala ku South Bend ku Indiana, kumene kuli a Malawi ambiri ndithu, ali ndi Tri-Way Drive-In ku Plymouth, ulendo wa pafupifupi theka la ola kulowera kum'mwera, komanso 49er Drive-In ku Valparaiso. Ku Indianapolis kuli Tibbs. A ku Washington DC ndi Maryland angapite ku Bengies ku Middle River kufupi ndi Baltimore, yomwe inatsegulidwa mu 1956 ndipo sikirini yake ndi ya mafiti 120 m'litali ndi 52 kupita m'mwamba. Ku Atlanta kuli Starlight pa msewu wa Moreland Avenue, ya mu 1949. Ku Texas kuli Coyote ku Fort Worth ndi Galaxy ku Ennis, onse awiri omangidwa chaka cha 2000 chitadutsa, umboni woti alipo ena akutsegulabe atsopano. Kufupi ndi Detroit kuli Ford-Wyoming ku Dearborn. Cha ku Seattle kuli Rodeo kufupi ndi Bremerton. Ku New Jersey, kumene zonsezi zinayambira, kuli Delsea ku Vineland, yomwe inatsekedwa mu 1987 n'kutsegulidwanso mu 2004.

Ngati mumakonda mbiri, pitani kum'mawa kwa Pennsylvania. Shankweiler's ku Orefield inatsegulidwa mu Epulo 1934 ndipo ndiyo yakale kwambiri mwa onse amene akugwirabe ntchito. Pafupi pomwepo pali Becky's ku Walnutport ndi Mahoning ku Lehighton. Malo atatu oyandikana chonchi sapezeka kawirikawiri.

Owerenga a ku South Africa mwina mukukumbukira Top Star ya ku Johannesburg, ija inali pamwamba pa mulu wa dothi la mgodi. Inatsekedwa mu 2006, ndipo ya pa Menlyn Park ku Pretoria inatsekedwa mu 2014. Kumeneko, ngakhalenso ku Britain, zimene mungapeze kawirikawiri ndi zionetsero za masiku ochepa zimene amalengeza nyengo yotentha ikayandikira. Malangizo otsatirawa a galimoto ndi zonyamula akuthandizaninso kumeneko.

Gawo lachiwiri: tsimikizani kuti malowo ali moyo sabata ino

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo musadumphepo. Mwapeza mayina awiri kapena atatu. Pa Google Maps sinthani mapu kuti muone chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba. Drive-in imaoneka msanga: mizere yokhotakhota yoyang'ana mbali imodzi, ngati mizere ya m'munda wa pamtsetse, sikirini ili kumapeto ndipo kanyumba kogulitsira zakudya kali pakati. Mizere ikamaoneka yoyera, yopondedwa ndi matayala, ndi chizindikiro chabwino. Mukaona mitengo itamera pakati pa mizere, kapena magalimoto akuluakulu a katundu atandandalikidwa pabwalopo, dziwani kuti kanema anatha kale pamenepo. Koma zithunzi zimenezi zimakhala za chaka chatha kapena chakale kuposa apo, ndiye si umboni wokwanira.

Umboni weniweni ndi pulogalamu ya sabata ino. Pitani pa tsamba la malowo, kenako pa Facebook yawo. Ma drive-in ambiri a mabanja amalemba pa Facebook kawirikawiri kuposa pa tsamba lawo, ndipo mafilimu a kumapeto kwa sabata amawalengeza Lolemba, Lachiwiri kapena Lachitatu. Yang'anani deti la uthenga womaliza. Ngati muli mu Julayi koma uthenga womaliza ndi wa Seputembala chaka chatha, pali chimene chachitika. Onaninso ndemanga za anthu pa Google, muzisanje kuyambira zatsopano. Munthu amene anali komweko masabata awiri apitawo akuuzani zoona za zimbudzi, za mzere wa pageti ndi za kuwala kwa sikirini.

Pomaliza imbani foni. Malo ambiri ali ndi nambala imene imayankha ndi mawu ojambuliratu, otchula mafilimu, nthawi yotsegula geti ndi mitengo. Mawuwo akamatchula mafilimu a sabata ino, mtima ukhale m'malo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tsiku la ulendo, masana, onaninso Facebook yawo kamodzi, chifukwa pulojekita ikawonongeka kapena mphepo ikagwetsa magetsi, amalemba pamenepo.

Gawo lachitatu: sankhani mwezi ndi tsiku

Kumpoto, kumene kumagwa chipale chofewa, ma drive-in ambiri amatsegula mu Epulo kapena Meyi n'kutseka mu Seputembala kapena Okutobala. Nyengo yeniyeni ndi ya pakati pa Memorial Day, Lolemba lomaliza la Meyi, ndi Labor Day, Lolemba loyamba la Seputembala. Pamenepo ena amatsegula usiku uliwonse, pamene miyezi ya m'mphepete amatsegula Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu basi. Kumadera ofunda ngati Georgia, Texas, Arizona ndi California alipo otsegula chaka chonse, monga Starlight ku Atlanta ndi ma drive-in a kampani ya West Wind.

Chimene chimadabwitsa anthu ochokera kwathu ndi nthawi. Ife tinazolowera kuti 6 koloko madzulo kwayamba kuda, chaka chonse. Kumpoto kwa America si choncho. Mawotchi amawapititsa kutsogolo ndi ola limodzi kuyambira Malichi mpaka Novembala, ndipo kumapeto kwa Juni ku South Bend dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa. Filimu singayambe kusanade, chifukwa pulojekita siingapikisane ndi kuwala kwa dzuwa. Ndiye filimu yoyamba ikhoza kuyamba cha m'ma 9:30 kapena kupitirira, n'kutha cha m'ma 11:30, yachiwiri n'kutha 1 koloko itadutsa. Kwa ana a zaka zinayi kapena zisanu, imeneyi ndi nthawi yaitali zedi.

Ine ndimalangiza mabanja a ana ang'ono kuti apite kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala. Kumada msanga, kutentha kwachepa, ndipo anthu sachuluka ngati mu Julayi. Ngati mukupita pakati pa chilimwe, agonekeni ana masana. Pa masiku, Loweruka ndiye lodzaza kwambiri, makamaka filimu yatsopano ya ana ikangotuluka. Lamulungu kapena pakati pa sabata mupeza malo abwino popanda kulimbirana, ndipo ena amatsitsa mtengo tsiku limodzi pa sabata. Za mvula, ambiri amaonetsabe ngakhale ikugwa ndipo sabweza ndalama, choncho onani zanyengo musananyamuke.

Gawo lachinayi: onani mafilimu onse awiri, osati woyamba yekha

Mwambo wa drive-in ndi woti tikiti imodzi imakuonetsani mafilimu awiri otsatizana. Apa makolo ambiri amagwa m'mbuna. Amaona kuti filimu yoyamba ndi ya katuni, n'kusangalala, osayang'ana yachiwiri. Ku America mafilimu amawaika zizindikiro: G ndi ya aliyense, PG ndi yofuna kuti kholo liweruze, PG-13 ili ndi zinthu zosayenera ana osakwana zaka 13, ndipo R ndi ya akuluakulu. Eni malo ambiri amayesetsa kuyamba ndi filimu yofewa, koma yachiwiri ikhoza kukhala PG-13 kapena R. Gwirizanani ndi mnzanu muli kunyumba ngati mudzatsala kapena mudzanyamuka yoyamba ikatha, ndipo auzeni ana kuti pasadzakhale kulira pabwalo.

Pamalo a masikirini angapo pali chinanso. Mwana wokhala kumpando wakumbuyo akatembenuka amaona sikirini ina patali, ngakhale sakumva mawu ake. Ngati kumeneko kukuonetsedwa filimu yoopsa, imikani galimoto poti sikiriniyo ibisike. Dziwaninso kuti tikiti yanu ndi ya sikirini imodzi. Malo ambiri salola kusamukira kwina pakati pa usiku.

Mahoning ya ku Lehighton ija imaonetsa mafilimu akale pa makina a 35mm, ndipo ndi malo okoma kwambiri kwa okonda kanema, koma masabata ambiri amakhala a mafilimu oopsa a zaka za m'ma 1980. Onani kalendala yawo n'kusankha sabata ya mabanja.

Gawo lachisanu: werengani malamulo awo mpaka pansi

Musaganize kuti malamulo a drive-in imodzi ndi a onse. Funso loyamba ndi la mtengo: ena amalipiritsa pa munthu, ana n'kulipira zochepa kapena kulowa ulere akakhala ang'ono kwambiri, ena amalipiritsa pa galimoto. Banja la anthu asanu ndi awiri m'minivani lipindula kwambiri ndi mtengo wa pa galimoto. Funsani ngati matikiti amagulidwa pa intaneti kapena pageti, ndiponso ngati amalandira khadi. Alipo ena olandira ndalama zapamanja zokha.

Lachiwiri ndi la chakudya cha kunyumba. Ena amalola, ena amaletseratu, ena amakuuzani kuti mugule chilolezo pageti. Bengies ndi yodziwika ndi malamulo ataliatali amene amawatsatadi, ndipo chilolezo cha chakudya chochokera kunja ndi limodzi mwa malamulowo. Musabise chakudya pansi pa mpando ana akuona. Mowa ndi woletsedwa m'malo ambiri, ndipo m'zigawo zambiri za America kuyenda ndi botolo la mowa lotsegula m'galimoto ndi mlandu. Mbaula ndi kuwotcha nyama pabwalo nthawi zambiri saloleza. Za agalu, za kusuta, za kukhala pamwamba pa denga la galimoto, zonsezi zimalembedwa pa tsamba lawo. Kujambula filimu ndi foni ndi koletsedwa kulikonse.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: yesani galimoto yanu usiku wa dzulo lake

Gawo ili anthu amalipeputsa, koma ndi limene limasiyanitsa usiku wokoma ndi usiku wa manyazi. Kale mawu a filimu ankachokera m'kasipika kopachika pa zenera, kolumikizidwa ku mtengo wachitsulo. Malo ochepa anasungabe timasipika timeneti, koma pafupifupi onse tsopano amatumiza mawu pa wailesi ya FM. Pageti kapena pa sikirini akuuzani nambala ya siteshoni, inu n'kutsegula wailesi ya m'galimoto. Mapulogalamu a wailesi a pa foni amene amadalira intaneti sathandiza, chifukwa siteshoniyo imangomveka pabwalo pomwepo.

Ndiye usiku wa dzulo lake, kutada, khalani m'galimoto panyumba n'kuyesa zinthu zitatu. Choyamba, zimitsani injini n'kusiya wailesi ikulira. Pa galimoto ya kiyi mumapotoza kiyi pang'ono, pa galimoto ya batani mumadina batani osaponda buleki. Onani ngati wailesiyo imazima yokha pakapita mphindi zingapo, chifukwa magalimoto ambiri atsopano amatero pofuna kusunga batire. Chachiwiri, tulukani panja muone ngati pali nyali imene yatsala yoyaka. Magalimoto ambiri ali ndi nyali zoyaka zokha ngakhale masana, ndipo nyali imodzi yowala pa sikirini kapena m'maso mwa a galimoto yakutsogolo imakwiyitsa bwalo lonse. Pa magalimoto ena nyalizi zimazima mukakoka handibuleki musanalize. Pa ena muyenera kupotoza swichi ya nyali kuchoka pa Auto. Bukhu la galimoto lili m'kabokosi kakutsogolo likuuzani. Zikakanika, nyamulani makatoni ndi tepi kuti mukaphimbe. Chachitatu, tsegulani chitseko cha kumbuyo muone ngati nyali zam'kati zikuzima.

Njira yosavuta kuposa zonsezi ndi kugula kawailesi ka mabatire kogwira FM. Mukakhala nako, galimoto mumaizimitsiratu, batire silitha, ndipo mukhoza kukhala panja pamipando kawailesi kali pambali. Malo ena amabwereketsa timawailesi pa mtengo wochepa, koma timatha msanga usiku wodzaza. Ikani mawaya ojampira m'buti. Ogwira ntchito pa drive-in anazolowera kujampa magalimoto filimu ikatha, koma mukhoza kudikira nthawi yaitali ana ali m'tulo. Musasiye injini ikulira usiku wonse kuti muziziritse kapena kutenthetsa m'galimoto: utsi wake umapita kwa banja lokhala pansi kumbuyo kwanu, ndipo ndi woopsa. Tsukani galasi lakutsogolo mkati ndi kunja, thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwera.

Zonyamula

Mipando yopinda, mkeka kapena bulangete lokhuthala loyala pansi chifukwa mabwalo ambiri ndi a miyala ing'onoing'ono, mapilo, ndi zofunda. Ngakhale masana kutatentha bwanji, pakati pa usiku kumagwa mame ndipo kumazizira, ndiye juzi ya mwana aliyense ikhalepo. Zitenje ziwiri kapena zitatu zimagwira ntchito zambiri, kufunda, kuberekera, kutchinga zenera. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu musaiwale, makamaka mu Juni ndi Julayi. Tochi yaing'ono yopitira kuchimbudzi, mapepala opukutira m'manja, thumba la zinyalala, chingwe chachifupi, mpira woti ana asewere kusanade. Ana ang'ono avale zovala zogonera kuchokera kunyumba, kuti pobwerera mungowanyamula kuchoka m'galimoto kupita pabedi.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: fikani msanga, imikani bwino

Geti limatsegulidwa ola limodzi kapena awiri filimu isanayambe. Fikani nthawi yotsegulayo. Usiku wodzaza mzere wa magalimoto umafika mpaka pamsewu waukulu, ndipo malo akadzaza amabweza anthu. Komanso nthawi ya pakati pa kufika ndi kuda ndiyo imene ana amaikonda kwambiri: kutsogolo kwa sikirini kumakhala kapinga, malo ena kuli makatungwe, ana a mabanja osadziwana amathamangitsana dzuwa likulowa, makolo akutambasula mipando. Wofika kutada amaphonya zonsezi, n'kumayenda mumdima kufunafuna malo.

Mukalowa yendetsani pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi, chifukwa ana amatulukira pakati pa magalimoto mosayembekezeka. Ngati kwada, zimitsani nyali zazikulu, musiye zing'onozing'ono. Ogwira ntchito akuonetsani koima. Magalimoto aatali, ma SUV, maveni ndi mapikapu, amawaika kumizere yakumbuyo kapena m'mbali kuti asatchinge anzawo, ndipo musatsutsane nawo pa zimenezi. Pamene pali mitengo yachitsulo, kawirikawiri pakati pa mitengo iwiri pamaima magalimoto awiri, choncho yandikirani mtengo umodzi, musaime pakatikati.

Mizere ija munaiona pa mapu ndi timitunda tokwezeka. Kwezani matayala akutsogolo pamwamba pa kamtunda kuti galimoto iyang'ane m'mwamba pang'ono. Yendani chala ndi chala mpaka wokhala kumbuyo anene kuti akuona sikirini yonse, kenako kokani handibuleki. Ngati muli ndi SUV kapena pikapu, imikani chobwerera, kumbuyo kuyang'ane ku sikirini, mugwetse mipando, muyale matiresi kapena mabulangete, ana agone chafufumimba akuonera. Chitseko cha kumbuyo chisakwere kupitirira denga la galimoto. Chingwe chija ndi chomangira chitsekocho kuti chikhale m'munsi. Mipando yanu ikhale kutsogolo kwa galimoto yanu, osati pamalo oimika galimoto ina.

Malo abwino kwa banja ndi pakati pa bwalo, mizere iwiri kapena itatu kuchoka pa kanyumba ka zakudya. Mukayandikira kwambiri kanyumbako muvutika ndi kuwala ndi anthu odutsa. Mukatalikira, ulendo wa kuchimbudzi ndi mwana mumdima ukhala wautali. Mzere woyamba umaoneka wokopa koma khosi limawawa. Ngati mukudziwa kuti munyamuka filimu yoyamba ikatha, imani cha kumapeto kwa mzere, mbali ya geti lotulukira. Aonetseni ana chizindikiro cha pamene mwaima kusanade, monga nambala ya pa mtengo wachitsulo, chifukwa mumdima magalimoto onse amafanana.

Gulani chakudya pa kanyumba kawo

Izi ndikuzinena ndi mtima wonse. Gawo lalikulu la ndalama ya tikiti, makamaka pa filimu yatsopano, limapita ku kampani yopanga filimuyo. Chimene chimalipira magetsi, msonkho wa malo, utoto wa sikirini ndi achinyamata ogwira ntchito pageti ndi mbuliwuli, tchipisi, mabaga ndi zakumwa za pa kanyumba kaja. Ndi chifukwa chake ena amaletsa chakudya cha kunja, si umbombo. Ife timakonda kunyamula zathu, mpunga ndi nkhuku m'kontena, mandasi, ndipo kumene amalola palibe cholakwa. Komabe patulani ndalama yoti mwana aliyense agule kenakake pamenepo. Mitengo yawo kawirikawiri imakhala yotsikirapo poyerekeza ndi ya m'nyumba zoonetsera kanema za m'tawuni. Malo ngati Hull's ku Lexington ku Virginia alipo lero chifukwa anthu a m'deralo anapanga bungwe losafuna phindu n'kuwatenga kuti asatsekedwe. Ena onse amadalira kuti obwera agule chakudya.

Gulani filimu isanayambe. Pa nthawi yopuma ya pakati pa mafilimu awiri bwalo lonse limathamangira komweko ndi kuzimbudzi. Ngati mwana akufuna kuchimbudzi, mutengeni mphindi zochepa filimu yoyamba isanathe, ndipo musamutume yekha ngakhale ali wamkulupo.

Pobwerera

Nthawi yabwino yonyamuka ngati simukutsala ndi ya kupuma ija, pamene magetsi a pabwalo ayaka. Mukanyamuka filimu ili mkati, yendani ndi nyali zing'onozing'ono mpaka mutafika pageti. Musanasunthe galimoto, zungulirani ndi tochi: pansi pakhoza kukhala nsapato, chidole, kapena mwana wa eni galimoto yoyandikana nayo atagona pa bulangete. Tolani zinyalala zanu zonse. Ana abwerere m'mipando yawo ya chitetezo n'kumangidwa malamba ngakhale ali m'tulo tofa nato. Ndi lamulo m'zigawo zonse, ndipo matiresi a kumbuyo aja si oyendera pamsewu.

Yatsani nyali zazikulu mukangotuluka pageti, ndipo ngati munaphimba ndi makatoni, chotsani musanalowe mumsewu. Misewu ya kumidzi ya ku Pennsylvania, Ohio ndi Indiana ili ndi agwape ambiri odumpha usiku, ndiye chepetsani liwiro mpaka mutafika pamsewu waukulu. Ngati muli akuluakulu awiri odziwa kuyendetsa, gwirizanani kuti amene adzayendetse pobwerera aziwodzerako pa filimu yachiwiri.